Haiti inapambana nkhondo, nanga inalipiriranji France mafranki 150 miliyoni?

Kamtedza77:
Akuluakulu odziwa mbiri pagulu pano, ndithandizeni. Anthu a ku Haiti anagonjetsa asilikali a Napoleon ku Vertières mu Novembala 1803, n'kulengeza ufulu wawo pa 1 Januwale 1804. Patapita zaka 21, Pulezidenti Jean-Pierre Boyer akuvomera kulipira France mafranki 150 miliyoni kuti ivomereze ufulu womwe anthu anali atautenga kale ndi magazi awo. Wopambana nkhondo n'kumalipira wogonja? Ine ndikuona kuti Boyer anagulitsa dziko basi. Chinamukakamiza n'chiyani?

NamasinaWaMbiri:
Achimwene, tiyambe ndi mmene Haiti inalili zaka 21 zimenezo. Panalibe dziko ngakhale limodzi lomwe linaivomereza kuti ndi dziko. Amalonda a ku Britain ndi a ku America ankabwera kudzagula khofi, koma maboma awo sankatumiza kazembe, sankasaina pangano lililonse. America, pansi pa Thomas Jefferson, inaletsa malonda ndi Haiti mu 1806. Pamalamulo a mayiko a ku Ulaya, Haiti inali ikadali Saint-Domingue, dziko la France lomwe akapolo ake agalukira.

Napoleon atagwa mu 1814, pangano la ku Paris linali ndi ndime yachinsinsi yomwe Britain inalonjeza kuti sidzaletsa France kukalandanso Saint-Domingue, ngakhale ndi nkhondo. Ndiye chiopsezo sichinali chongoyerekeza. Dziko lonse linkakhala chikonzekere nkhondo, ndipo ndalama zambiri za boma zinkathera kwa asilikali ndi malinga. Citadelle Laferrière yomwe Henri Christophe anamanga pamwamba pa phiri kumpoto ndi mantha omwewo.

Chikwawa_Boy:
Mantha a chiyani pomwe anali atawathira kale mphepo? Mu 1802 Leclerc, mkulu wa asilikali wotumidwa ndi Napoleon, anabwera ndi asilikali masauzande ambirimbiri, ambiri anathera komweko ndi zipolopolo ndi matenda a yellow fever, Leclerc yemweyo anafera konko.

MzeeWaDoko:
A Chikwawa_Boy, mukuganiza za asilikali otsika pamtunda. France ya 1825 sinkafunika kutero. Baron de Mackau, amene anabweretsa chikalatacho ku Port-au-Prince pa 3 Julayi 1825, anatsatidwa ndi gulu la zombo zankhondo, zonse pamodzi 14, zokhala ndi mizinga yoposa 500. Malangizo ake anali akuti Boyer akakana, atseke madoko. Tsono onani kumene boma la Haiti linkapeza ndalama: msonkho wa pa doko, pa katundu wolowa ndi pa khofi, thonje ndi matabwa otuluka. Kutseka Port-au-Prince, Cap-Haïtien, Les Cayes ndi Jacmel kwa miyezi ingapo, boma lilibe cholipirira asilikali. Asilikali osalipidwa m'dziko lomwe Dessalines, mtsogoleri woyamba wa Haiti, anaphedwa ndi anzake mu 1806, ndipo Christophe anadziwombera mu 1820 asilikali ake atamugalukira, Boyer ankadziwa bwino mathero ake. Zombo zomenyera nkhondo panyanja Haiti inalibe zoti n'kulimbana nazo France.

Kamtedza77:
Chabwino, koma ganizo lolipiralo anabwera nalo ndi Afalansa?

NamasinaWaMbiri:
Ayi, ndipo apa mpomwe nkhani imawawa. Woyamba kulitchula kumbali ya Haiti anali Alexandre Pétion mu 1814. Kumbukirani kuti kuyambira 1807 dziko linagawika pawiri: Christophe kumpoto, yemwe anadzilonga ufumu mu 1811, ndi Pétion kumwera ndi kumadzulo, komwe kunali ripabuliki. Nduna ya mfumu ya France, Louis XVIII, yoona za zombo ndi maiko atsamunda, Malouet, inatumiza anthu atatu kukafufuza mmene angabwezere ulamuliro wa France. Dauxion-Lavaysse anapita kwa Pétion. Franco de Medina analowera kumpoto, Christophe anamugwira, ndipo m'zikalata zake munapezeka malangizo osonyeza kuti cholinga chinali kubwezera anthu akuda ambiri ku ukapolo ndi kunyengerera ochepa a khungu loyerako ndi maudindo. Christophe anasindikiza zikalatazo kuti dziko lonse liwerenge, ndipo Medina sanatulukemo wamoyo.

Pétion anakana ulamuliro wa France, koma anati Haiti ingathe kupereka chipukuta misozi kwa eni minda akale ngati France ivomereza ufulu wake. Iye ankaliona ngati kugula malo, osati kugula anthu. Mu 1816 kunabweranso nthumwi zina, Fontanges ndi Esmangart, zinabwerera chimanjamanja. Mu 1824 Boyer anatumiza Larose ndi Rouanez ku Paris. Zokambirana zinatha chifukwa France inkafuna kuti nkhani zonse za Haiti ndi mayiko akunja zizidzera kwa iyo. Boyer anakana zimenezo. Choncho sitinganene kuti ankangovomera chilichonse.

Tsinde_la_Mlambe:
Christophe ndiye anali mwamuna. Kalata yomutchula kuti General Christophe m'malo mwa mfumu ankaibweza osaitsegula.

MaiZaMalamulo:
Ndikufuna tione chikalata chenichenicho, chifukwa msampha unali mmene chinalembedwera kuposa kuchuluka kwa ndalama. Sichinali pangano la mayiko awiri. Linali lamulo la mfumu Charles X, losainidwa pa 17 Epulo 1825, mfumu ikulamula anthu ake ngati mmene ingalamulire chigawo cha France. Dzina loti Haiti mulibemo. Akutchulidwa ndi anthu okhala m'chigawo cha France cha Saint-Domingue. Ndime zake ndi zitatu zokha.

Yoyamba ikuti madoko akhale otsegukira mayiko onse, msonkho ukhale wofanana, kupatula zombo za mbendera ya France zomwe zizilipira theka. Yachiwiri ikuti alipire mafranki 150 miliyoni ku Caisse des dépôts et consignations, thumba la boma la France losungira ndalama ku Paris, m'magawo asanu ofanana, chaka ndi chaka, gawo loyamba pofika 31 Disembala 1825. Yachitatu ikuti mfumu ikupereka ufulu wonse wa boma lawo, koma potsatira mfundo zimenezi.

Mavuto ake ndi awa. Chopatsidwa ndi lamulo la mfumu, mfumu ina ingathe kuchilanda ndi lamulo lina. Ufulu womangiriridwa ku malipiro umatanthauza kuti tsiku lolephera kulipira, France ili ndi ponenera kuti ufuluwo watha. Ndipo ndime yoyamba ikudula msonkho womwe ndime yachiwiri ikudalira kuti ngongole ibwezedwe. Nthumwi zitatu zomwe Boyer anasankha, Inginac, Rouanez ndi Frémont, zinaona zonsezi ndipo zinakana. Boyer anakumana yekha ndi Mackau, Mackau n'kumulembera mawu ofotokozera kuti mfumu ilibe maganizo oipa, Boyer n'kuvomera. Seneti inalandira lamulolo pa 11 Julayi. Mawu a Mackau aja sankamanga boma la France pa chilichonse.

Chikwawa_Boy:
Ndiye Seneti inangoti inde bwana?

MaiZaMalamulo:
Inakakana bwanji? Malamulo oyendetsera dziko a mu Disembala 1806 anapereka mphamvu zambiri ku Seneti ya anthu 24, n'cholinga chomanga manja Christophe yemwe ankayembekezeka kukhala pulezidenti. Christophe anakana mpando wopanda mano uja, Pétion anautenga mu 1807, ndipo pofika 1808 iye yemweyo anali atayamba kulamulira popanda Seneti. Malamulo a 1816 anakhazikitsa upulezidenti wa moyo wonse, ndi mphamvu yotchula wolowa m'malo. Anawonjezera nyumba ya aphungu osankhidwa m'maboma kwa zaka zisanu, koma malamulo ambiri ankayambira kwa pulezidenti. Maseneta ankakhala zaka zisanu ndi zinayi, ndipo aphungu ankawasankha pa mayina atatu omwe pulezidenti wapereka pa mpando uliwonse. Munthu wolowa motero sangatsutse womulowetsa. Mu 1822 Félix Darfour, mtolankhani wobadwira ku Africa, anapereka dandaulo ku nyumba ya aphungu lodzudzula boma la Boyer. Anaweruzidwa ndi khoti la asilikali n'kuwomberedwa, ndipo aphungu omwe anaoneka ngati akumumvera anachotsedwa. Patangopita zaka zitatu ndi pomwe Mackau akufika.

GogoWaKhofi:
Pali chinanso chimene sichinatchulidwe. Akuluakulu a asilikali ndi a boma anali atatenga minda ya atsamunda, ena pogula kwa boma, ena popatsidwa. Pétion anayamba kugawa malo kwa asilikali mu 1809, msilikali wamba timagawo tating'ono, akuluakulu zigawo zikuluzikulu. Malinga ngati mwini wakale ali ku Bordeaux kapena ku Nantes ndi mapepala ake, umwini wa mindayo unali pa mchenga. Kulipira France kunali kutseka nkhani ya malo. Opindula anali a minda ikuluikulu ndi amalonda a m'tauni, olipira anali alimi a khofi m'mapiri. Ndiye a Kamtedza77 sakunama kwenikweni.

MzeeWaDoko:
Tsopano masamu a gawo loyamba, mafranki 30 miliyoni. Ndalama imeneyi yokha inaposa kangapo zonse zomwe boma linkatolera pachaka. Poyerekeza, mu 1803 France inagulitsa Louisiana yense kwa America pa mafranki 60 miliyoni, kuwonjezerapo 20 miliyoni za ngongole zomwe America inazisenza. Boyer analibe ndalamazo, ndiye anatumiza nthumwi ku Paris kukakongola, kwa mabanki a ku France komweko. Kampani ya Ternaux, Gandolphe ndiyo inayendetsa ngongoleyo. Anatulutsa mapepala a ngongole 30,000, lililonse la mafranki 1,000, chiwongola dzanja 6 peresenti, kubweza m'zaka 25. Koma pepala la 1,000 linawerengedwa pa 800. Ndiye Haiti inasainira 30 miliyoni n'kulandira 24 miliyoni, ndipo 24 imeneyo sinakwere chombo. Inachoka ku banki kupita ku Caisse des dépôts, mumzinda womwewo. Zotsala 6 miliyoni boma linayenera kuzipeza m'thumba mwake, n'kuyamba kutumiza ndalama zasiliva m'mabokosi pa zombo. N'chifukwa chake amati ngongole ziwiri: ya atsamunda ndi ya mabanki.

Tsinde_la_Mlambe:
Katapila weniweni ameneyo.

MzeeWaDoko:
Pa chiwongola dzanja chokha si katapila, bambo. 6 peresenti ya 30 miliyoni ndi 1.8 miliyoni pachaka. Poti analandira 24, kwenikweni ndi 7.5 peresenti. Mayiko atsopano a ku South America omwe ankakongola ku London zaka zomwezo ankaduliridwanso chimodzimodzi, mapepala awo ankagulidwa pansi pa mtengo wolembedwa. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo ankalandira kenakake m'manja, kaya mfuti kaya ndalama. Haiti sinagule khasu ngakhale limodzi ndi ngongole iyi. Onjezerani 1.2 miliyoni yobweza pachaka, chaka choyamba ndi 3 miliyoni ku mabanki okha, gawo lachiwiri la 30 miliyoni likudikira pa 31 Disembala 1826. Gawo limenelo silinalipidwe.

Wa_ku_Tete:
Pepani ndipatuke pang'ono. Kodi anthu a ku Haiti si ochokera ku West Africa okhaokha? Ena amati kunapitanso anthu a kuno kwathu.

NamasinaWaMbiri:
Ambiri anachokera ku Kongo ndi Angola komanso ku gombe la Benin. Koma m'zaka za m'ma 1780 zombo za Afalansa zinkazungulira ku Cape kukagula anthu ku chilumba cha Mozambique, ku Ibo ndi ku Kilwa, ena n'kupita nawo ku Saint-Domingue. M'mabuku a minda ankawalemba kuti Mozambiques, ndipo Amakua analimo ambiri. Msika wa Kilwa unkalandira anthu kudzera m'njira zamalonda zochokera kunyanja ya Malawi. Anthuwa anafika patatsala zaka zochepa kuti kugalukira kwa akapolo kwa 1791 kuyambe.

Wa_ku_Tete:
Zikomo mayi. Ndiye amene ankalipira chipukuta misozi ena anali ana a anthu amenewa.

Kamtedza77:
Tibwerere ku ndalama. Atsamundawo anazigawana motani? Ndipo akuti analipiridwa malo okha, osati akapolo?

MaiZaMalamulo:
France inakhazikitsa lamulo pa 30 Epulo 1826 ndi komiti yoona madandaulo. Mwini wakale kapena olowa chuma chake ankabweretsa umboni wa katundu wosasunthika yemwe anali naye, komiti n'kuwerengera mtengo wake wa mu 1789, iye n'kupatsidwa gawo limodzi mwa magawo khumi. Papepala ndi malo ndi nyumba. Koma munda wa nzimbe wa mu 1789 mtengo wake unkachokera pa shuga yemwe unkatulutsa, ndipo shugayo ankalimidwa ndi akapolo. Mtengo wa anthu unalowa mu mtengo wa munda, palibe njira yowalekanitsira.

GogoWaKhofi:
Kunyumba, Boyer anayesa njira zitatu, zonse mu 1826. Anakhazikitsa msonkho wapadera wa magourde (ndalama ya Haiti) 30 miliyoni woti utoleredwe m'zaka khumi, wogawidwa m'maboma onse. Anthu analibe ndalama zotero, unatoleredwa pang'ono chabe. Anayamba kusindikiza ndalama zamapepala zopanda siliva kumbuyo, gourde n'kuyamba kugwa mphamvu, pomwe ngongole ikufunika mu mafranki. Ndipo anatulutsa Code rural mu Meyi, lamulo lofuna kudzutsa minda ikuluikulu. Mlimi wopanda malo ake ankayenera kusaina kontalakiti ndi mwini munda, kulandira gawo la zokolola, osachoka m'dera popanda chilolezo, osasamukira m'tauni, osatsegula sitolo kumudzi. Oyang'anira anali asilikali ndi apolisi a kumidzi.

Linalephera pa zifukwa zomveka. Nzimbe zimafuna anthu ambiri nthawi imodzi, chigayo, ng'anjo zowiritsira ndi ngalande zothirira, ndipo zambiri mwa izi zinaphwasuka pankhondo. Khofi banja limodzi limatha kulima m'phiri, kuthyola, kuyanika ndi kusenza pabulu kupita kwa wogula. Munthu amene ali ndi kamunda kake, kapena amene angakwere phiri n'kuswa mphanje, sangabwerere kukadula nzimbe za wina pamalo pomwe makolo ake ankakwapulidwa. Asilikali oti amukakamize nawonso anali alimi a timinda tomweto. Pamwamba pa izo mtengo wa khofi ku Ulaya unatsika kwambiri m'zaka zimenezo. Msonkho wotsala wodalirika unali wa khofi wotuluka pa doko, womwe amalonda ankaudula pa mtengo wogulira kwa mlimi.

Chikwawa_Boy:
Nanga anzawo a ku South America anali kuti? Si Haiti yomwe inathandiza Bolívar?

NamasinaWaMbiri:
Inamuthandiza kawiri. Simón Bolívar, mtsogoleri wa nkhondo yomasula mayiko a ku South America ku ulamuliro wa Spain, anafika ku Les Cayes mu Disembala 1815 atathawa, anakumana ndi Pétion mu Januwale 1816, napatsidwa mfuti, wonga, chakudya ndi makina osindikizira. Pétion anapempha zinthu ziwiri: amasule akapolo m'madera omwe awombole, ndipo asatchule dzina la Haiti poyera, poopa Spain. Ulendo woyamba unanyamuka kumapeto kwa Malichi 1816. Ku Carúpano, pa 2 Juni, Bolívar analengeza ufulu wa akapolo, koma womangirira pa kulowa usilikali. Anagonja ku Ocumare, anabwerera ku Haiti, nanyamukanso ku Jacmel mu Disembala chaka chomwecho.

Mu 1824 Boyer anatumiza nthumwi ku Bogotá kukapempha mgwirizano wotetezana. Boma la Colombia, lomwe Santander ankaliyendetsa Bolívar ali kunkhondo ku Peru, linakana poopa kukwiyitsa France pomwe nalo linkasaka kuvomerezedwa ku Ulaya. Ku msonkhano wa ku Panama mu 1826 Haiti sinaitanidwe. Tikamaweruza Boyer tiike izi pasikelo: chaka chimodzi Mackau asanafike, anagogoda kwa mnansi n'kubwezedwa.

Tsinde_la_Mlambe:
Komatu nayenso Boyer anali atalowa ku Santo Domingo, dera lomwe linali la Spain kum'mawa kwa chilumba chomwe kuli Haiti, mu Febuluwale 1822, pomwe anthu a kumeneko anali atangolengeza kuti akufuna kuphatikana ndi Colombia. Tisamuyeretse.

MaiZaMalamulo:
Zoona, ndipo mbali ya kum'mawayo ikukhudzana ndi lamulo la 1825. Boyer anathetsa ukapolo kumeneko, ndipo chifukwa chake chachikulu cholowera chinali kutseka khomo lomwe adani akanalowera pamtunda. Koma lamulo la Charles X likunena za chigawo cha France chokha. Kum'mawa sikunatchulidwe, ndiye mu 1830 Spain inatumiza nthumwi kudzafuna kuti ibwezeredwe dera lake. Boyer anakana. Komabe anthu a kum'mawa ankalipitsidwa nawo misonkho ya ngongole ya minda yomwe sinali m'dera lawo. Dandaulo limeneli, pamodzi ndi nkhani ya malo a tchalitchi ndi malo a mabanja omwe boma linkafuna kuwalembetsa mwatsopano, ndi lomwe linadyetsa gulu la Juan Pablo Duarte, La Trinitaria, lomwe linayamba mu 1838. Anthu a kum'mawawo anapatuka ku Haiti pa 27 Febuluwale 1844.

Kamtedza77:
Ndiye kulipirako kunagulako chiyani? Mayiko anayamba kuilemekeza Haiti?

MzeeWaDoko:
Pang'ono. France itatsegula njira, Britain inatumiza Charles Mackenzie ngati kazembe woona zamalonda mu 1826, ndipo mayiko ena a ku Ulaya anatumiza awo. America ndiye inapezerapo chonamizira chatsopano. Pulezidenti John Quincy Adams anauza Congress kuti mfundo zomwe Haiti yavomera, makamaka msonkho watheka uja, zikuisiya ngati dziko latsamunda lomwe langosintha dzina. Chifukwa chenicheni chinali maseneta a zigawo za kumwera, omwe sankafuna kazembe wakuda ku Washington akapolo awo akuona. America inavomereza Haiti mu 1862, pansi pa Lincoln, zigawo zija zitachoka mu Congress chifukwa cha nkhondo yapachiweniweni. Vatican inasaina pangano lake mu 1860.

Chikwawa_Boy:
Zaka 58 kudikira mnansi wa pafupi. Koma khofi ankagula bwinobwino.

MaiZaMalamulo:
Chimene Boyer amayenera kuyamikiridwa nacho pang'ono ndi 1838. Kwa zaka 12 anakana kusainira mapangano omwe sankakonza vuto la chikalata chija, kuphatikizapo lomwe nthumwi yake Saint-Macary inasaina ku Paris mu 1831. Pa 12 Febuluwale 1838, mfumu ili Louis-Philippe, nthumwi za France, Las Cases ndi Baudin, zinasaina mapangano awiri osiyana ku Port-au-Prince. Loyamba likuvomereza Ripabuliki ya Haiti, ndi dzina lake, kuti ndi dziko laufulu lodzilamulira, popanda mfundo yomangirira. Lachiwiri likutsitsa zotsala kuchoka pa 120 miliyoni kufika pa 60 miliyoni, zolipira m'zaka 30. Kuwalekanitsa kumeneko ndiko kunali phindu: kulephera kulipira kunasanduka mlandu wa ngongole, osati wa ufulu. Malipiro ankakwera zaka zisanu zilizonse: 1.5 miliyoni pachaka, kenako 1.6, 1.7, 1.8, 2.4, n'kumalizira 3 miliyoni. Mukaphatikiza ndi 12, kuchulukitsa kasanu ndi 60. Zonse pamodzi ndi gawo loyamba lija, 90 miliyoni, kupatula chiwongola dzanja cha mabanki.

GogoWaKhofi:
Ndondomeko imeneyo, yoti ithe mu 1867, sinatsatidwe monga analembera. Chivomerezi cha pa 7 Meyi 1842 chinagwetsa Cap-Haïtien, Boyer anachotsedwa mu Malichi 1843 n'kuthawira ku Jamaica, malipiro anaima kangapo, ndipo ngongole ziwirizo zinamalizidwa m'zaka za m'ma 1880, boma litakongolanso ku Paris mu 1875.

Kamtedza77:
Ine ndikadali pomwe ndinali, kungoti tsopano ndikumuimba mlandu wina. Nthumwi zake zitatu zinakana, iye n'kuvomera yekha m'chipinda. Bwenzi atakakamira pangano la mayiko awiri ngati la 1838.

NamasinaWaMbiri:
Mackau analibe mphamvu yosintha ngakhale liwu limodzi, chikalata chinabwera chosainidwa kale ndi mfumu. Boyer akanatha kungolandira kapena kukana n'kuona ngati zombo zitsekadi madoko, ndi kwa miyezi ingati amalonda a ku Britain asanayambe kudandaula ku London. Pétion anali atawapatsa msonkho wotsika mu 1814 kuti akhale ndi chotaya tsiku lotero, koma Boyer anali atauchotsa mwayi umenewo mu 1825 momwemo, Mackau asanafike.

Tsinde_la_Mlambe:
A MzeeWaDoko, tatiuzani za ngongole ya 1875 ija, ndamva kuti kumeneko mabanki anadula zoposa za 1825.